Chipata Chimene Tinachidutsa ndi Apongozi

Mkamwini asamakule mwendo, amatero akuluakulu, ndipo ine mwendo wanga ndinausunga waung'ono zaka zonse zimene ndakhala kuchikamwini kuseri kwa Limbuli. Kwathu ndi ku Chiradzulu. Ndinabwera kuno kudzathyola tiyi, msana utakana ndinayamba kukonza njinga pamsika, kenako ndinakwatira Esinati. Pa nthawi imene ndikunenayi Esinati anali ku Joni, akuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Pakhomo tinatsala ine, ana athu awiri, ndi apongozi, mayi ake a Esinati, amene ankakhala m'nyumba yawo kuseri kwa nthochi.

Amene sanakhalepo kuchikamwini sangamvetse kuti anthu awiri angadye chimanga cha nkhokwe imodzi osayang'anana m'maso. Ine ndi apongozi sitinkalankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira ya kuchitsime, iwo ankapatukira uku ine uko, moni n'kumaponyerana cham'mbali. Akafuna kuti ndikonze khola la mbuzi ankauza mwana wanga Tiyanjane, iye n'kudzandiuza ine, ngakhale ndili pomwepo ndikumva zonse. Sikudana ayi, ndi ulemu wa kuno. Mayi aja ndinkawakonda, kungoti panalibe njira yowauzira.

Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse. M'mawa Tiyanjane anabwera kudzandiuza kuti agogo ake akuti m'mimba mukuwotcha, chilungulira chawavuta, ndipo amwa kale madzi a soda koma sizikusintha. Ndinasuzumira chapatali. Anali pakhonde atatsamira khoma, akudzipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Ndinadabwa kuona thukuta m'chisanu chimenecho, ine nditavala majuzi awiri.

Kuno mkamwini sagamula za matenda a eni mudzi. Wogamula ndi mwinimbumba, ndipo chimwalirire mlongo wawo wa apongozi udindowo unali m'manja mwa alamu anga a Bonifasi, mwana woyamba wa apongoziwo, amene amayendetsa galimoto ya katundu ku Limbe n'kumakhala ku Bangwe. Ndinawaimbira foni. Anati ndipite ndi mayi awowo kunyumba kwawo ku Bangwe, akazi awo akatilandira, iwo akaweruka madzulo akawaonetsa kwa adokotala. Ndinafunsa ngati sikungakhale bwino kuti awaperekeze munthu wamkazi. Koma amayi onse apamudzi anali atawoloka malire kupita kumaliro ku Milanje, ndipo Tiyanjane anali ndi mayeso kusukulu. Unangotsala ulendo wa anthu awiri osalankhulana.

Tinachoka pa njinga zamoto ziwiri, chifukwa imodzi sitikanakwera. Ya apongozi inali patsogolo, yanga pambuyo, matope akutithovukira mpaka pamsewu wa tala. Pa Limbuli tinapeza minibasi ya ku Limbe ikuoneka yodzaza, dalaivala akuliza injini ngati akunyamuka pomwepo. Ine ndimagwira ntchito pamsika pomwepa ndipo ndimadziwa kuti theka la anthu okhala mkatimo ndi anyamata ongodzaza mipando, koma tsiku limenelo ndinakhulupirira ngati mlendo. Apongozi anakhala mpando wa kuseri kwa dalaivala, ine ndinakadzipanikiza kumbuyo kwenikweni pafupi ndi matumba a mpunga. Wokwera weniweni akabwera, mnyamata mmodzi ankatsika, ndiye galimoto sinkadzaza. Ndinagula nthochi n'kupatsa kondakitala kuti apereke kwa mayi a duku yobiriwira, ndikunena apongozi. Anazilandira ndi manja awiri, n'kuziika pamiyendo, osasenda ngakhale imodzi.

Dzuwa linali litakwera kuseri kwa mitambo pamene tinanyamuka. Pambali pa apongozi panakhala mayi wina wonenepa amene anali ndi dengu la zinanazi, dzina lake sindinalidziwe mpaka lero. Awiriwo anayamba kucheza m'Chilomwe, chapansipansi. Zaka zonsezi Chilomwe ndimangomva moni ndi mawu otukwanira mbuzi, choncho ndinangokhala ndikuyang'ana duku yobiriwira ija ikugwedezeka. Minda ya tiyi inkadutsa, anthu ali ndi madengu kumsana m'mvula yowaza. Ndinaganiza za Esinati, kuti akanakhalapo akanangofunsa mayi ake kuti pakupweteka ndi pati, nkhani n'kutha. Ndinadzimva ndekhandekha m'galimoto yodzaza anthu.

Titafika paboma la Mulanje minibasi inaima pafupi ndi chipata cha chipatala, kutsitsa bambo wina wa mwendo wa pulasitala. Anatsika pang'onopang'ono, kenako kondakitala anapita kukasaka chenje, ndipo tinakhala pamenepo chitseko chili chotsegula. Anthu ankalowa pachipatacho ndi mabeseni ndi zikho za phala. Ndinaona apongozi atatembenuza mutu kuyang'ana komweko, ndipo sanaubweze msanga. Mumtima ndinati titsike pompano. Kenako ndinaganiza kuti ndikawagoneka pano china chake n'kuchitika, pabwalo adzandifunsa kuti anandituma ndani, poti mwinimbumba anati Bangwe. Ndinadikira kuti iwo atume mawu kudzera kwa kondakitala kapena kwa mayi wa zinanazi. Mawu sanabwere, chenje chinabwera, chitseko chinatsekedwa.

Pa Chitakale tinaima kukweza anthu ndi mitolo ya nzimbe. Pa Chinakanaka ndi pamene anatigulitsa, monga amachitira a minibasi. Dalaivala anawerenga mitu n'kuona kuti ambiri akupita cha ku Chonde ndi Luchenza, ndiye anati ife a ku Limbe titsike, ikubwera ina ya njira ya Midima, aipatsa ndalama zathu. Anthu analalata, iye akungotokosa mano ndi kachitsotso. Apongozi anatsika mogwira chitseko, n'kupita kuseri kwa kagolosale. Ndinamva akusanza. Sindikanapita kumeneko, choncho ndinaima pafupi ndi wogulitsa chimanga chootcha ndikuyang'ana makala.

Mayi wa zinanazi ndiye anawatsatira, ngakhale galimoto yake inali pafupi kunyamuka. Atabwerera anandikodola ndi dzanja.

"Bambo, awa ndi mayi anu?"

"Ndi apongozi."

"Ndiye chifukwa chake. Inu akuuzani m'mimba, koma ine andiuza zoona. Ndi pachifuwa, akuti ngati munthu wawasanjika mtondo, ndipo ululu wake ukufika kumkono wamanzere ndi kunsagwada. Nanga chifuwa angachitchule bwanji kwa mkamwini?"

Anandiuza mofulumira kuti amuna ake anayamba chimodzimodzi, iwo n'kumati ndi mphepo, anawafunditsa bulangete tsiku lonse. Atafika nawo kuchipatala adokotala anawauza kuti ululu wotere suyenera kugonetsedwa, munthu akangofika amamumata timawaya pachifuwa, makina n'kulemba papepala mmene mtima ukugundira, ndipo pepalalo ndi limene limanena chochita. Amuna ake sanabwerere kunyumba. Kondakitala wake anali akumenya chitseko, ndiye anathamanga dengu lili pamutu, n'kutembenuka kundiuza kuti ndisakafikire kunyumba kwa munthu, ndikafikire kuchipatala.

Ndinaimbiranso alamu. Kumbali kwawo kunkamveka injini ndi anthu okweza katundu. Ndinawafotokozera zonse, n'kunena kuti paboma sipatali, tikhoza kubwerera. Iwo anati ndisamamvere za amayi a m'minibasi, mayi awo chilungulira amadwala chaka chilichonse nthawi ya mbatata, ndipo akagonekedwa ku Mulanje iwo aziwaona bwanji ali pantchito. Anati ulendo ndauyamba kale, ndingoumaliza, n'kudula foni. Sindikuwanena alamu kuti ndi munthu woipa. Mayi awo ankawakonda, ndipo ankafuna akhale pafupi nawo.

Ndinaima m'mbali mwa msewu ndikuyang'ana kumene tachokera. Maminibasi opita kuboma ankadutsa, oitanira akukuwa, mipando ili yopanda anthu. Dzanja langa silinakwere. Apongozi anali atakhala pamwala, msana atandifulatira, ndipo panalibenso munthu woti n'kumutuma kwa iwo. M'moyo wanga sindinasowepo mnzanga ngati mmene ndinasowera pa Chinakanaka tsiku limenelo, pakati pa msika.

Ya Midima itabwera inali ndi malo awiri okha, oyandikana. Ndinapempha bambo wina wa jekete lachikopa kuti tisinthane, iye anati miyendo yake ndi yaitali, sangakhale pakati. Kondakitala anati kaya tikwera kaya titsala. Apongozi analowa n'kukhala kuwindo, ine ndinakhala cham'mphepete, chikwama chawo cha zovala ndinachiimika pakati pathu. Chikwatirire ndinali ndisanakhalepo nawo pafupi chotero. Ndinkamva fungo la utsi wa nkhuni pachitenje chawo, ndipo ndinkamvanso kupuma kwawo, kwafupifupi, ngati munthu wokwera chitunda ali ndi mtolo.

Pa Nkando tinataya nthawi yaitali akumangirira matumba a mbatata kumbuyo, chingwe chikuduka, akulumikiza, chikudukanso. Mnyamata wina analalikira pang'ono, n'kuyamba kugulitsa mankhwala a makoswe. Anthu ankaseka, ine kuseka kunandikana. Titawoloka Thuchila n'kuyamba kukwera mapiri, galimoto inayamba kufuka nthunzi pansi pa mpando wa dalaivala. Anaima pamalo opanda nyumba, kondakitala n'kutsetserekera kukhwawa ndi chigubu kukasaka madzi. Anthu onse anatsika kukawongola miyendo ndi kudzithandiza. M'galimoto munatsala ine ndi apongozi.

Munali zii, kumangomveka injini ikuthetheka pozizira. Anali atagwira mkono wamanzere ndi dzanja lamanja, milomo itatuwa. Ndinasowa womutuma, ndiye ndinalankhula kwa mpando wopanda munthu umene unali patsogolo panga.

"Kaya ululu uja ukuchepako."

Kenako nawonso anayankha mpando womwewo.

"Ukubwera n'kumapita."

Macheza athu a msewu wonse anathera pomwepo. Ndinkafuna kufunsa zambiri, kuti wayamba liti, kuti akufuna tichite chiyani, koma anthu anali atayamba kale kubwerera. Kondakitala anabwera ndi madzi amatope, anathira, anthu anakwera akudandaula za mabizinesi awo, ndipo tinapitirira pang'onopang'ono, dalaivala akuopa kuti itenthanso.

Ndalama zathu zinali za pa Bangwe. Titayandikira, kondakitala anakuwa kuti a Bangwe akonzeke. Pasiteji ndinawaona akazi a alamu, ataima ndi ambulera yofiira, akusuzumira m'galimoto iliyonse. Kunyumba kwawo kunali mphasa yoyalidwa kale, madzi osamba otentha, ndi kudikira mpaka alamu aweruke. Minibasi inaima, chitseko chinatseguka, kondakitala anatambasula dzanja kuti alandire chikwama.

"Sititsika," ndinatero. "Tikupitirira, ndiwonjezera."

Ndinadikira kuti apongozi akane. Sanakane, anangotsamiritsa mutu pagalasi. Akazi a alamu anationa galimoto itayamba kale kuyenda, anakweza ambulera m'mwamba, ndipo foni yanga inalira m'thumba kuchokera pamenepo mpaka ku Limbe. Sindinaiyankhe. Ndinkaopa kuti ndikamva mawu a mwinimbumba ndibwerera.

Ku Limbe sindinadikirenso minibasi. Ndinatenga takisi, ndalama zimene ndinasungira masipoko ndi machubu n'kuthera pomwepo. Tinafika pachipatala chachikulu dzuwa litapendeka. Pakhomo la odwala mwadzidzidzi panali namwino atakhala patebulo, akufunsa aliyense chimene chamubweretsa. Apongozi anakhala pabenchi, ine ndinaima chapambali. Namwino atawafunsa, anayang'ana pansi n'kunena kuti m'mimba, chilungulira. Ndinaona namwinoyo akuloza mzere wautali wa anthu okhala m'khonde, ndipo ndinadziwa kuti tikakhala pamenepo kutidera.

Ndinayang'ana khoma, n'kunena mokweza kuti ayi, ndi pachifuwa, pakulemera ngati mtondo, ululu ukufika kumkono wamanzere ndi kunsagwada, akutuluka thukuta ndipo asanza panjira. Mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, kutchula thupi la apongozi iwo ali pomwepo, anthu akumva. Koma namwino anaimirira osamaliza kulemba. Anaitana mnzake, anabwera ndi njinga ya odwala, ndipo anawalowetsa kuseri kwa katani, anthu apamzere akutiyang'ana.

Ndinatsala kunja kwa katani nditakumbatira chikwama. Ndinamva akuwauza kuti amasule bulauzi, kenako kuti asagwedezeke, kenako kamakina kakulira pang'ono potulutsa pepala. Zonsezo sizinatenge nthawi imene ine ndimatenga kumata chubu chimodzi. Ndinaganiza za maola onse a pa Limbuli, pa Chinakanaka ndi pamapiri paja, ndipo chinandiwawa kwambiri.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono wa magalasi. Anatuluka ndi kapepala kautali ka mizere yokhotakhota, n'kundifunsa kuti ululu wayamba nthawi yanji. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana, akudabwa kuti munthu wayenda ndi wodwala tsiku lonse osadziwa zimenezo, n'kubwerera kukawafunsa eni ake. Ndinamva akuyankha kuti tambala woyamba asanalire. Dokotala atatulukanso anandifotokozera modekha kuti mtsempha wina wodyetsa mtima watsekeka, ndipo ukatsekeka mnofu wa mtima umafa pang'onopang'ono, ola ndi ola. Anati mankhwala othandiza alipo ndipo awapatsa, koma amagwira bwino ntchito m'maola oyambirira, ndiye chifukwa chake munthu wa ululu wotere amayenera kulowa chipatala chimene chili pafupi kuti ayezedwe msanga. Anafunsa kumene tachokera. Nditanena kuti Limbuli, anangovula magalasi n'kuwapukuta, n'kuti ayesetsa.

Alamu anafika apongozi atawagoneka kale kuwodi ya amayi. Anali ndi yunifolomu ya kuntchito, nkhope itakwiya chifukwa cha foni ija. Analowa, analankhula ndi dokotala, ndipo atatuluka ukali uja unali utasanduka mantha. Anandipeza pabenchi ya m'khonde.

"Alamu, inu munali nawo, mumawaona mmene alili. Bwanji simunalowe nawo pa Mulanje pomwe paja?"

Yankho linali pakamwa, koma ndinalimeza. Munthu amene mayi ake ali pabedi sumukumbutsa mawu ake a m'mawa. Anati tsopano zonse zili m'manja mwawo, akazi awo ndiwo akhale owadikirira, ine ndibwerere chifukwa ana ali okha ndipo mbuzi zilibe wotsekera. Anandipatsa ya thiransipoti. Ndinapereka chikwama chija kwa akazi awo, ndipo manja anga anatsala opanda kanthu.

Ndinali nditafika kale pamasitepe pamene akazi a alamu anandithamangira kuti mayi akundifuna. Ndinaganiza kuti ali ndi mawu oti ndikauze Tiyanjane, ndiye ndinaima pakhomo la wodi kudikira kuti wina awabweretse. Koma apongozi anandikodola okha ndi chala. Ndinayenda pakati pa mabedi n'kukagwada chakumiyendo kwawo, maso ali pansi. Anali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno.

"Bambo a Tiyanjane, tandiyang'anani."

Ndinakweza maso. Ndinali ndisanaonepo kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndiponso kuti maso a Esinati ndi awo.

"Mwachita bwino pa Bangwe paja," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Koma pachipata cha ku Mulanje ndinkafuna kutsika. Ndinadikira kuti munene ndinu."

"Inenso ndinkadikira inu, mayi."

Anatseka maso, n'kugwedeza mutu pang'ono. Kenako anati ndipite, kunja kusanade, ndikawaone ana.

Ndinabwerera ndekha njira yomweyo. Galimoto sinatenthe, sanatigulitse, chingwe sichinaduke, ndipo ulendo umene unatidyera tsiku lonse unatha ngati masewera. Palibe amene anandilankhula kupatula kondakitala. Ndinafika ana atatsekera kale mbuzi, ndipo nditawauza kuti agogo awo akulandira mankhwala anasangalala.

Foni ya alamu inandipeza patapita masiku awiri, ndili pamsika ndikuwongola limu la njinga ya munthu. Anati mayi atisiya, mtima unali utavulala kwambiri, sunapirire. Anati iwo akusaka bokosi ndi galimoto, ine ndiuze amfumu, ndikonze nkhuni, ndiponso ndimuimbire Esinati, chifukwa iwo sangathe. Ndinapukuta manja, n'kupita kuseri kwa msika kumene kulibe phokoso.

Esinati analira nthawi yaitali. Atatonthola anandifunsa ngati mayi ake anasiya mawu alionse. Ndinati anasiya, ndipo anandiuza ine ndemwe, pamaso. Anafunsa kuti anati chiyani. Ndinayang'ana msewu wopita kuboma, minibasi ikuitanira anthu, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pachipata paja.